Kalata yotseguka kwa oyang'anira malonda a katundu wa ana wogwiritsidwapo kale ntchito

Olemekezeka abambo ndi amayi,

Ndikulembera inu amene mumakonza malonda aja osonkhanitsa makolo, kumene wina amabwera ndi zovala zimene zamuthina mwana wake, wina ndi kabedi, wina ndi thumba la zidole, ndipo inu ndi amene mumagamula kuti ichi chilowe, ichi chibwerere. Ine ndine mmodzi mwa makolo amene amagula kwa inu, nthawi zinanso amagulitsa. Ndiyambe ndi kuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Khanda limakula msanga, kamalaya kogulidwa lero pakatha miyezi itatu sikalikwananso, ndipo popanda malonda anuwa mabanja ambiri akanamagula chatsopano chilichonse ndi ndalama zimene alibe. Ntchito yanu ndi yofunika, n'chifukwa chake ndalimba mtima kukuuzani pamene ndikuona kuti pakuperewera.

Nkhani yanga ili pa malamulo anu olandirira katundu. Ndimawawerenga ndisanalongedze zanga. Amafotokoza bwino kwambiri za maonekedwe: chovala chikhale chochapa ndi chosita, chisakhale ndi banga, mabatani akhale okwanira, zipi aziyenda, nsapato zikhale ziwiri zofanana. Zonsezi n'zabwino. Koma zikafika pa zinthu zimene zingaphe mwana, malamulowo amangoti katundu akhale wabwino ndi wosaopsa, basi. Apa mpamene pandidetsa nkhawa. Banga la phala pa diresi mayi aliyense aliona ndi maso ake, ndipo akalakwitsa wangotaya kandalama kochepa. Zimene sangaone, ngakhale atakhala wochenjera bwanji, ndi zoti kampando kokongola kali m'manja mwakeko kanaletsedwa zaka zapitazo chifukwa ana anafera momwemo. Maso a anthu anu a patebulo lolandirira akuthera pa zimene wogula angadzionere yekha, pamene zimene sangazione zikudutsa popanda wozifunsa.

Mu 2019 kampani ya Fisher-Price inalengeza kuti anthu abweze timipando togonekapo makanda totchedwa Rock 'n Play tokwana 4.7 miliyoni, makanda oposa 30 atamwalira ali pa timipandoto. Kampandoko n'kopendekeka, mutu wa mwana umakhala chapamwamba, ndipo makolo ankakakonda chifukwa mwana ankagona msanga. Vuto ndi lakuti khanda likatembenuka n'kukanikiza nkhope pansalu, kapena mutu ukagwera pachifuwa, njira ya mpweya imatsekeka, ndipo khandalo silikhala ndi mphamvu zodzutsira mutu. Mu 2023 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, la Consumer Product Safety Commission, linabwerezanso chilengezo chija. Pa nthawiyo imfa zimene zinanenedwa zinali zitafika pafupifupi 100, ndipo zosachepera 8 zinachitika chilengezo choyamba chitatuluka kale.

Taganizirani za ana 8 amenewo. Kampani ikalengeza zoterezi, masitolo amachotsa katunduyo pamashelefu mosachedwa. Koma uja ali kale m'nyumba za anthu amapitiriza ulendo wake. Mayi analandira kampando kuchokera kwa mchemwali wake, mchemwaliyo anakagula kwa mnzake wa kuntchito, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene dzina lake lili m'mabuku a kampani. Uthenga suwapeza. Mwana akakula, mayi uja amakachapa bwinobwino, n'kubwera nako kwa inu ndi mtima woyera, akufuna kuti kathandize wina. Ameneyu si wakuba kapena wachinyengo. Iye sakudziwa, wogula sakudziwa, ndipo pa ulendo wonse wa kampandoko, tebulo lanu ndi malo okhawo pamene pali munthu amene ntchito yake ndi kukayang'ana kasanafike pa mwana wina.

Mu 2022 dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa kupanga ndi kugulitsa zogonekapo makanda zopendekeka kuposa madigiri 10, pamodzi ndi mapilo aja otchinga m'mbali mwa kabedi. Chiyambire 2008, kumeneko ndi mlandu kugulitsa katundu amene analengezedwa kuti abwezedwe, ngakhale wogulitsayo akhale kholo wamba. Dziko la Canada linaletsa tingolo tamatayala tophunzitsira mwana kuyenda mu 2004, ndipo chiletsocho chimakhudzanso togwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa mwana ali m'kangolo kotere amathamanga kuposa mmene womulera angamugwirire, n'kugwera pamasitepe kapena kufikira mphika wa pamoto. Mwina munganene kuti amenewo ndi malamulo a mayiko ena. Zoona, malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma khosi la khanda ndi limodzimodzi kulikonse, ndipo katunduyu amawoloka malire. Musadikire kuti boma likukakamizeni kukana chinthu chimene chinadziwika kale kuti chimapha.

Ndinene za kabedi, chifukwa ndi pamene khanda limakhala lokha nthawi yaitali popanda diso la munthu wamkulu. Timabedi takale tambiri tili ndi mbali imodzi yotsitsa ndi kukweza. Tizitsulo ndi timapulasitiki toyendetsa mbaliyo timatha, kapenanso womanga amaika mbaliyo mozondoka, ndipo pakati pa matiresi ndi mbali ija pamatseguka mpata. Thupi la mwana limalowa mumpatamo, mutu n'kutsalira. Ku America timabedi totere tinaletsedwa mu 2011, ku Canada mu 2016. Kabedi kobwera pa malonda anu kawirikawiri kamakhala kophwasula, matabwa atamangidwa ndi chingwe, masikuluwu ali m'kapepala ka pulasitiki. Munthu wanu amangoona kuti matabwa ndi osalala, penti sanakandike, n'kulola. Chonde, kabedi kazimangidwa pomwepo musanakalandire. Mukagwedeze ndi manja awiri. Muwerenge masikuluwu, ndipo ngati pena paikidwa msomali kapena waya m'malo mwa chitsulo chake chenicheni, kabwerere. Mpata wa pakati pa timatabwa ta m'mbali usapose masentimita 6: chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi chikadutsa pamenepo, ndiye kuti mpatawo wakula. Matiresi akhale olimba, osabonya pakati, osanunkha chuku, ndipo mukawakankhira mbali imodzi, pampata wotsala pasalowe zala zoposa ziwiri. Zonsezi sizifuna makina. Zimafuna munthu woti wauzidwa chochita ndipo wapatsidwa nthawi.

Mpando wa mwana wa m'galimoto ndiye wovuta kuposa zonse, ndipo pamenepa ndikupemphani kuti muganize mofatsa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mpando umene unakhalapo m'galimoto yochita ngozi ukhoza kuoneka ngati watsopano, nsalu yake yowala, malamba ake oyera, pamene chipulasitiki cha m'kati chinalandira kale mphamvu imene chinapangidwira kulandira kamodzi kokha. Ming'alu yake imabisika pansi pa nsalu ndi thonje. Ngakhale popanda ngozi, pulasitiki amafooka ndi kutentha kwa m'galimoto yoimikidwa padzuwa chaka ndi chaka. N'chifukwa chake makampani ambiri amaika malire a zaka, kawirikawiri kuyambira 6 mpaka 10 kuchokera tsiku limene mpandowo unapangidwa. Tsikulo limalembedwa pa kapepala komata pansi kapena kumbuyo, nthawi zina limadindidwa pachipulasitiki penipeni. Mipando yotsata muyezo wa United Nations imakhalanso ndi kapepala kofiirira ngati lalanje kolembedwa R44 kapena R129. Kutembenuza mpando n'kuwerenga zimenezi ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Koma kapepala sikanena za ngozi. Sikanenanso ngati malamba anachapidwa ndi mankhwala oyeretsera amene amafooketsa ulusi. Zimenezi amadziwa ndi mwini wake yekha, ndipo ngati iyenso anachita kugula kwa wina, palibe akudziwa. Maganizo anga ndi akuti mpando ulandiridwe pokhapokha ngati wogulitsa ndi amene anaugula uli watsopano, nthawi yake sinathe, zipangizo zake zonse zilipo pamodzi ndi kabuku ka malangizo, ndipo iye wasaina kuti sunachitepo ngozi. Ngati mukuona kuti zimenezi simungazikwanitse, ndi bwino kusalandira mipandoyi n'komwe. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa, chifukwa mpando watsopano ndi wodula, ndipo mwana wokhala pamiyendo ya mayi ake m'galimoto ali pangozi yaikulu kuposa wokhala pampando wakale. N'chifukwa chake ine ndingakonde njira yoyambayo, yofunsa ndi kusainitsa. Chimene sindingavomereze ndi mmene zilili panopa, kulandira mpando chifukwa choti nsalu yake ndi yoyera. Chimodzimodzinso zipewa zolimba zovala pokwera njinga: chikamenyetsedwapo pansi mwamphamvu kamodzi, ntchito yake yatha.

Pa zidole, ndikufuna woyang'anira azigwiritsa ntchito manja, osati maso okha. Atenge kagalimoto koimba nyimbo, akatembenuze, aone kachitseko ka mabatire. Kodi kamatsekedwa ndi sikuluwu? Kodi sikuluwuyo alipo, kapena pamatidwa selotepi? Timabatire tija tozungulira ngati ndalama yachitsulo, monga totchedwa CR2032, mwana akameza kamodzi n'kukakamira kummero, kamayamba kuotcha mnofu, ndipo pa maola awiri okha kakhoza kuwononga kwambiri. Mwana amangooneka ngati wadwala chifuwa kapena sakufuna kudya, makolo osaganizira n'komwe za batire. Ngakhale kabatire koti katha mphamvu moti sikayatsanso chidole kakhoza kuvulaza. Chidole chimene kachitseko kake kamatseguka ndi chikhadabo chisalowe.

Akoke maso a chidole chansalu, akoke mphuno, akoke matayala a kagalimoto. Chidole chimene chinali cholimba chili chatsopano, pambuyo pa ana atatu ulusi wake umakhala utatha. Opanga zidole amayesa tizidutswa ndi kachubu kotakata mamilimita 31.7, kofanizira mmero wa mwana wosakwana zaka 3, ndipo chilichonse cholowa chathunthu mmenemo ndi choti chingamutsamwitse. Kachubu kameneka sikasowa, ndipo ngati mulibe, chikatoni cha m'kati mwa pepala la kuchimbudzi chimathandiza, popeza n'chokulirapo pang'ono ndiye chimakuchititsani kusamala kwambiri. Palinso timaginito tating'ono tamphamvu. Mwana akameza tiwiri, timakokana kudutsa m'zipupa za matumbo n'kuwaboola. Mu 2007 kampani ya Mattel inaitanitsa zidole mamiliyoni ambiri, zina chifukwa cha timaginito tothothoka, zina chifukwa cha penti wokhala ndi mtovu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Mtovu simungauone ndi maso, choncho chidole chakale kwambiri chopaka penti, makamaka ngati pentiyo akusupuka, ndiponso timikanda ndi tindolo tachitsulo tosadziwika kumene tinachokera, musazilandire.

Zina n'zosafuna kukambirana nthawi yaitali. Timphira toyamwira pa botolo ndi toyamwa mwana akamalira tisagulitsidwe togwiritsidwapo kale ntchito. Mabotolo akale apulasitiki okandikakandika asiyidwe, pokumbukira kuti mayiko a European Union analetsa mankhwala a BPA, ogwiritsidwa ntchito popanga pulasitiki, m'mabotolo a makanda mu 2011, ndipo opangidwa chaka chimenecho chisanafike akhoza kukhala nawo. Mapampu ambiri ofinyira mkaka wa m'mawere anapangidwira mayi mmodzi. Kangolo koyendetsera mwana muyese mabuleki ake ndi pokhomera kuti kasapindike mwana ali momwemo. Mpando wautali wodyera ukhale ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo.

Tsono ndibwerere ku zovala, chifukwa kumeneko pempho langa ndi losiyana: fewetsaniko. Zovala za kaunjika za ana ndiye katundu wosaopsa kwambiri pa zonse zimene mumalandira, koma ndi kumene mumalimbitsa kwambiri. Ndaonapo mayi akubwezeredwa thalauzi lolimba bwino chifukwa pabondo panali chigamba chosokedwa mwaluso, pamene jekete yokhala ndi chingwe chokokera pakhosi inadutsa chifukwa inali yowala. Pa ziwirizi, choopsa ndi jekete. Chingwe chotere chimakodwa pa katsetsereko ka pabwalo losewerera, pampanda kapena pachitseko cha basi, n'kumukoka mwana pakhosi. Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 14682 sulola zingwe zokokera pakhosi ndi pachipewa cha zovala za ana osakwana zaka 7. Kukonza kwake n'kosavuta: solola chingwecho, jekete igulitsidwe. Batani logwedera pa chovala cha khanda lisokedwe kapena lichotsedwe. Zovala ndi zofunda zichapidwe, ndipo zimene zingapirire zichapidwe m'madzi otentha madigiri 60, amene amapha nsikidzi ndi mazira ake. Kupitirira apo, kabanga kakang'ono kapena mtundu wosuluka si chifukwa chobwezera chovala. Ikani tebulo lapadera la zotsika mtengo, mulembepo poyera kuti izi zili ndi tizilema, wogula asankhe yekha. Mwana wokwawa safuna zovala zonyezimira, ndipo makolo amene amadalira kwambiri malonda anu ndi omwewo amene mukuwamana zovala zotchipa mukamabweza zoterezi.

Ndikudziwa yankho limene lili m'mitima mwanu. Ambiri mwa okuthandizani ndi ongodzipereka, katundu amabwera wambirimbiri pa maola ochepa, mzere wa ogulitsa umakhala wautali ndipo aliyense akufulumira. Sindikupeputsa zimenezi. Koma masokosi safuna kufufuzidwa. Katundu woopsa ndi wochepa poyerekeza ndi milu ya zovala: zogonera, zokhalira, zonyamulira, zoyendera ndi zidole za mabatire. Zimenezi zikhale ndi tebulo lakelake ndi anthu awiri odziwa ntchitoyo, ali ndi foni yokhala ndi intaneti. Katundu aliyense wotere amakhala ndi kapepala ka dzina la kampani, nambala ya mtundu wake ndi tsiku lopangidwa. Nambala imeneyo ifufuzidwe pa mndandanda wa katundu woitanitsidwa. European Union ili ndi mndandanda wotchedwa Safety Gate, bungwe la ku America ndatchula lija lili ndi mndandanda wake, ndipo bungwe la mayiko lotchedwa OECD limasonkhanitsa zilengezo za mayiko osiyanasiyana pa tsamba la GlobalRecalls. Zonsezi ndi zaulere. Kapepala kakachoka moti simungadziwe wopanga, katunduyo asalowe, ngakhale aoneke bwino chotani. Nthawi imene mungapulumutse posiya kusanthula mabanga idzakwanira ntchito imeneyi.

Anthu a patebulo limenelo muwapatse mphamvu zokana, ndipo muwaikire kumbuyo. Kukana n'kovuta pamene wogulitsa ndi mnzako, kapena ndi mayi wachikulire amene akukuuza kuti ana ake onse anakulira m'kabedi komweko ndipo palibe chinachitika. Iye akunena zoona. Ana ambiri ogona pa zinthu zoopsa sachita ngozi, n'chifukwa chake zinthuzi zimakhalitsa m'manja mwa anthu. Mtsikana wongodzipereka sangalimbane ndi mawu otere ngati lamulo silinalembedwe. Likalembedwa, iye amangoloza pepala, ndipo palibe amene wanyozedwa.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima kwambiri. Malonda akatha, katundu wotsala nthawi zambiri mumamupereka kwa mabungwe othandiza osowa, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Koma kodi amene mwamukana uja amapita kuti? Mukangomubwezera mwini wake osafotokoza chifukwa, mawa lomwe akamuika pa Facebook kapena akapatsa wantchito wake. Ndipo ngati zokanidwa zikuponyedwa m'thumba limodzi ndi zopereka, ndiye kuti chinthu chimene mwaona kuti sichiyenera mwana wa wogula mwachitumiza kwa mwana wa munthu wosauka, amene mayi ake sangakane mphatso. Muuzeni mwini wake mwaulemu chifukwa chenicheni. Ngati katunduyo anaitanitsidwa, mumuonetse pafoni, popeza nthawi zina kampani imabweza ndalama kapena kutumiza chokonzera. Akavomera kumusiya kwa inu, dulani malamba, phwasulani, lembanipo ndi zilembo zazikulu kuti ndi woopsa, kuti wotola asakamugwiritsenso ntchito.

Ndikupemphaninso kuti muzisunga kaundula wa katundu wamkuluyu: anabweretsa ndani, nambala yake ndi iti, ndipo wogula akafuna asiye njira yomupezera. Zilengezo zina zimatuluka katundu atagulidwa kale. Ndi kaundula wotere, uthenga umodzi wochokera kwa inu ungafike kumene kampani singafike.

Ndaona zikwangwani pakhomo zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa ndipo okonza malonda alibe mlandu pa chilichonse. Ndikumvetsa kuti mukudziteteza. Koma makolo amabwera kwa inu, kusiya kugula kwa munthu wosamudziwa, chifukwa munawauza kuti katundu wanu amayang'aniridwa asanalowe. Mayi woyembekezera mwana wake woyamba akamva mawu amenewo, saganiza za mabanga. Amaganiza kuti wina wodziwa kuposa iye waona kabedi aka ndipo wakhutira nako. Ngati simunaone zimenezo, muuzeni poyera kuti mwaona ukhondo wokha. Ngati mukufuna kuti apitirize kukukhulupirirani motero, chitani zimene iye akuganiza kuti mumachita.

Choncho pempho langa ndi ili. Malonda otsatira asanafike, lembani mndandanda wa zinthu zimene simulandira n'komwe, ndi wina wa zimene mumalandira pokhapokha zitafufuzidwa, chilichonse ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Muutumize kwa ogulitsa asanayambe kulongedza, kuti munthu asavutike kunyamula kabedi n'kudzabwerera nako. Muupachikenso pakhomo kuti ogula awerenge, chifukwa ena ali ndi zinthu zomwezo kunyumba. Muziuonanso chaka chilichonse, popeza zilengezo zatsopano zimatulukabe. Ngati chikusowa ndi anthu a patebulo lofufuzira, lengezani pamene mukuitana ogulitsa. Ine ndidzalembetsa, ndipo ndibwera ndi tepi yoyezera ndi sikuludiraiva.

Ine wanu mwaulemu,

Kholo logula ndi kugulitsa pa malonda anu